Kupita ku Liberty Station opanda galimoto: mmene ine ndinayendera

Wina akakuuzani kuti tikumane ku Liberty Station, mu mzinda wa San Diego ku America, musangoti chabwino basi, mufunseni nambala ya nyumba. Malowa ndi aakulu zedi, maekala 361, ndipo kale inali kampu yophunzitsirako asilikali a pamadzi, Naval Training Center San Diego, yomwe inatsegulidwa mu 1923. Boma la America linaganiza zoitseka mu 1993 nthawi ija ankachepetsa makampu, ndipo pofika 1997 asilikali anali atatulukamo. Pano muli mashopu, malesitilanti, masukulu, tchalitchi, nyumba zokhala anthu ndi ma studio a anthu aluso, koma kayalidwe kake kakadali ka kampu yeniyeni, ndiye ukapita ndi maganizo oti ndi mall wamba uzungulira mpaka miyendo kuwawa.

Ine ndinayambira pa siteshoni ya mabasi ndi sitima ya Old Town Transit Center. Ndinafika pa trolley, sitima yamagetsi yoyenda mu mzinda, kenako ndinakwera basi nambala 28 yomwe imatsika ndi Rosecrans Street kulowera ku Point Loma, dera lomwe kuli Liberty Station. Musanakwere ikani app ya PRONTO pa foni kapena gulani khadi lake, chifukwa mukalipira kamodzi mumatha kusintha kuchoka pa trolley kupita pa basi mkati mwa maola awiri osalipiranso. Ulendo wa pa basi ndi waufupi. Chofunika ndi kudziwa potsikira, poti kampuyi inatambalala motsatira Rosecrans mtunda wautali ndithu, ukatsika molakwika ndiye kuti wayamba ndi kuyenda kwaulere. Ngati mukufuna mbali ya zaluso ndi msika, tsikani chakumayambiriro, mbali ya kumpoto. Amene ali ndi galimoto asadandaule, parking ndi yaulere, kungoti madzulo a weekend imadzadza.

Ukangolowa, chinthu choyamba kuchimvetsa ndi manambala aja. Nyumba zonse zakale zimafanana, makoma a mtundu umodzi wotuwirako, madenga a matailosi ofiira, makonde aatali okhala ndi ma arch, mamangidwe aja a Chisipanishi. Zimaoneka bwino pa chithunzi koma kwa mlendo ndi msampha, chifukwa khonde lililonse limaoneka ngati lomwe wadutsa kale. Sangazisinthe mwachisawawa poti zinalowa m'kaundula wa malo a mbiri yakale, ndiye zikwangwani za mabizinesi ndi zazing'ono. Chomwe chimathandiza ndi nambala yolembedwa pa khoma, Barracks 15, Barracks 16, choncho choncho, mayina omwewo a nthawi ya asilikali. Ine ndinajambula mapu a pa bolodi ndi foni, ndikuyamba kuyenda ndi manambala m'malo mwa mayina a mashopu, zinthu zinayamba kuyenda.

Ndinayamba ndi kudya, ndipo ndikulangizani zomwezo. Liberty Public Market inatsegulidwa mu 2016 m'nyumba imodzi mwa zakale zija, mkati muli timastolo tambirimbiri ta zakudya, aliyense ndi kauntala yake. Mumagula pomwe mwakonda, mumalipira pomwepo, kenako mukasaka pokhala. Nkhani ili pa mpando. Mukakhala awiri wina agwire tebulo panja wina akaime pa mzere, apo ayi mudya mutaimirira mbale ili m'manja. Mitengo si yotsika, ndisakunamizeni, kumeneku ndi kodzisangalatsa osati kosungira ndalama.

Ndiye muli pa tebulopo mukucheza, mwadzidzidzi ndege ija ikudutsa pamutu penipeni. Bwalo la ndege la San Diego lili pafupi kwambiri ndipo ndege zambiri zimanyamuka kulowera mbali imeneyi. Ndinaona anthu onse angosiya kulankhula, wina foloko ili m'mwamba chiganizo chili pakati, ndege itapita nkupitiriza pomwe anasiyira ngati palibe chachitika. Eni kuno anazolowera, ine ndinali ndekha woyang'ana kumwamba.

Mbali ya zaluso, yomwe amaitcha Arts District, ndi yomwe inandigwira mtima. Muja munkagona anyamata ophunzira usilikali ndi momwe muli ma studio pano, ojambula, oumba mbiya, osoka, masukulu a magule ndi nyimbo, timamyuziyamu ting'onoting'ono. Koma tsiku wamba mupeza zitseko zambiri zotseka chifukwa ambiri ndi malo ogwirira ntchito, osati shopu yotsegula tsiku lonse. Nthawi yabwino ndi Lachisanu loyamba la mwezi madzulo, amati First Friday, pomwe ambiri amatsegula ndipo kulowa ndi ulere. Musamangoyenda pansi pokha ayi, kwerani masitepe, ma studio ena ali m'mwamba m'makolido aatali aja. Ndinalowa mwa mayi wina wojambula ndi penti wamadzi, mabulashi ali mu botolo pa windo, pepala lina lisanaume, ndinafunsa kaye ngati ndingajambule ndi foni ndipo anandiuza kuti chipinda ndijambule koma zithunzi zawo ayi. Muzifunsa, ena sakonda. Ndipo palibe amene amakukakamiza kugula, ngakhale ka positikhadi kamodzi sikangakusaukitse.

Miyendo ikakhala ikadali ndi mphamvu, tsikirani ku NTC Park (NTC ndi chidule cha Naval Training Center) m'mbali mwa ngalande ya maboti ndikulowera kumwera mpaka pa USS Recruit. Ndi sitima yankhondo yomwe sinalowepo m'madzi, anaimanga pamtunda mu 1949 kuti asilikali atsopano aziphunzirirapo, mpaka anaipatsa dzina lachipongwe loti USS Neversail. Kuchokera ku msika ndi kamtunda ndithu, ndiye valani nsapato zomveka. Pobwerera musabwererenso kumpoto, tulukirani pa Rosecrans pomwepo, mudikire 28 yopita ku Old Town mbali yomweyo osawoloka msewu, koma onanitu nthawi pa foni chifukwa usiku mabasi amatalikirana.