Zaka zinayi zophunzira kulowa m'mabanja a eni

Pa maphunziro amene munthu angasankhidwe kukachita ku sukulu za ukachenjede za boma, ndi ochepa amene anthu amawapeputsa ngati a digiri ya Social Work. Ambiri amayesa kuti ndi maphunziro a anthu a mtima wachifundo, amene akamaliza amakagawa ufa ndi mabulangete kwa ovutika. Ine ndili m'chaka chachinayi cha maphunzirowa ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, kumene tonse timakutchulabe kuti ku Chanco ngakhale kuti sukuluyi inaima payokha mu 2021, ndipo ndafika potsimikiza kuti chifundo ndi gawo laling'ono la zimene ntchitoyi imafuna. Chachikulu chimene tikuphunzira ndi kulowa m'banja la eni uli ndi mphamvu ya lamulo, n'kutulukamo mwana kapena mayi amene unamubwerera ali wotetezeka, komanso abale ake akadali ofunitsitsa kumusunga iwe ukachoka.

Za zaka zoyambirira sindinena zambiri. Timaphunzira za kakhalidwe ka anthu m'magulu awo, za kaganizidwe ka munthu kuyambira ali khanda mpaka kukalamba, za kafukufuku ndi masamu ake, ndipo moyo wathu sumasiyana ndi wa ophunzira ena onse: kudikira ngongole ya maphunziro, kufunafuna chipinda ku Chikanda, dera loyandikana ndi sukuluyi, ndi kulimbirana malo mu laibulale mayeso akayandikira.

Pamene maphunzirowa anayamba kundikoka ndi pamene tinafika pa malamulo, chifukwa wogwira ntchito yosamalira anthu amene sadziwa malamulo amangokhala mlangizi wamba amene aliyense angathe kumunyalanyaza. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana komanso kuweruza milandu yawo, la mu 2010, ndilo msana wa ntchito yathu. Limalongosola za mwana amene akufunika chitetezo, za udindo wa makolo, komanso za mwana amene wapalamula, ndipo limapereka mpata woti mlandu wa mwana upatutsidwe m'malo moti uzengedwe ngati wa munthu wamkulu. Bwalo la milandu ya ana lisanagamule, limadalira lipoti la wa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, lofotokoza kumene mwanayo akuchokera, amene akumulera ndi chimene chinamufikitsa pamenepo. Lipoti limenelo likhoza kuthandiza kuti mnyamata abwerere kwa agogo ake kapena atumizidwe ku malo osinthira khalidwe monga ku Chilwa kuno ku Zomba kapena ku Mpemba ku Blantyre. Palinso lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006, la chuma cha masiye la mu 2011 limene limateteza akazi amasiye ndi ana kwa achibale olanda katundu, ndi la maukwati la mu 2015 limene linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo anasintha malamulo aakulu a dziko, n'kutseka mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka zapakati pa 15 ndi 18.

Vuto limene wophunzira aliyense woganiza amaliona msanga ndi lakuti nzeru zambiri za ntchito imeneyi zinakulira ku Britain ndi ku America, kumene banja limatengedwa kuti ndi bambo, mayi ndi ana awo, ndipo boma likachotsa mwana pakhomo limakhala ndi kwina komusungira. Kwathu kuno, makamaka kuchigawo chapakati ndi chakummwera kumene anthu ambiri amatsata mtundu wa kuchikazi, mawu omaliza pa za mwana nthawi zambiri amakhala ndi amalume ake monga mwinimbumba, ndipo mkangano wa m'banja umayamba wapita kwa ankhoswe, kenako kwa amfumu, boma lisanamve kalikonse. Aphunzitsi athu satopa kutikumbutsa zimenezi, koma munthu amazimvetsa bwino akatumizidwa kukaphunzira ntchito ku ofesi yeniyeni, zimene tonse timangoti atachimenti.

Ine ndinatumizidwa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu m'boma lina lakummwera, ndipo amene ankandiyang'anira anali mayi wachikulire amene anachita maphunziro ake ku koleji ya Magomero ku Chiradzulu ine ndisanabadwe. Tsiku lina kunabwera uthenga wochokera kwa amayi a mother group a pasukulu ina yapulayimale, wonena kuti mtsikana wa sitandade 7 wasiya sukulu ndipo akukhala kwa mwamuna. Tinapita pa kabaza. Tinayamba tadzera kwa amfumu, ndipo atatipatsa munthu wotiperekeza tinafika pakhomo pa agogo a mtsikanayo, amene anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kutumiza mwana kuti akaitane amalume kumunda. Amalumewo anafika khasu lili paphewa, nkhope ili gwa, chifukwa anali atamva kale kuti kwabwera a boma. Mayi aja sanatulutse kope kapena cholembera. Anapereka moni kwa aliyense, anafunsa za mvula ndi za chimanga chimene chinatsala m'nkhokwe, ndipo kenako anati, "Bambo, ife sitinabwere kudzakuzengani mlandu. Tabwera kuti mutiuze za mwana wa mlongo wanu, popeza mbumbayi ndi yanu." Apa amalumewo anatula khasu n'kukhala pansi. Anafotokoza kuti mlongo wawo anamwalira, kuti agogowo akulera adzukulu asanu, ndi kuti mnyamata amene anatenga mtsikanayo amagulitsa nsomba ndipo analonjeza kumagula ufa.

Ndinali nditaloweza ndime zonse za lamulo, ndipo ndinkadikira kuti mayi aja azitchula nthawi iti. Anazitchula kumapeto, mwachidule koma mosapsatira: ukwati umenewu lamulo silikuudziwa, mwanayo ayenera kubwerera kwa agogo ake, ndipo nkhani ya mnyamatayo iperekedwa kwa apolisi a ku Victim Support Unit, chifukwa ofesi ilibe mphamvu yobisa mlandu wogona ndi mwana. Koma anafika pamenepo amalume atavomereza kale ndi pakamwa pawo kuti chimene chinawakankha ndi njala, ndipo atagwirizana kuti iwo eni ndi amene akamutenge mtsikanayo pamodzi ndi amfumu. Tili m'njira pobwerera anandiuza kuti tikanayamba ndi kuopseza, mtsikanayo akanasamutsidwa usiku womwewo kupita kwa achibale a mwamuna kutsidya kwa malire, ndipo sitikanamuonanso.

Apa ndiyenera kunena maganizo anga pa nkhani imene ophunzira timakonda kuinong'ona. Ena mwa ife amaganiza kuti digiri imatiika pamwamba pa amene ali ndi satifiketi kapena dipuloma, ndi pamwamba pa ogwira ntchito yoteteza ana m'midzi. Ine sindikugwirizana nazo. Chimene yunivesite imawonjezera ndi luso lofunsa chifukwa chake nkhani zofanana zikubwerezabwereza m'dera limodzi, luso lochita kafukufuku ndi lotsutsa ndondomeko ya boma ndi umboni m'manja. Koma kudziwa nthawi yoyenera kukhala chete pamphasa kumaphunziridwa kwa anthu amene akhala pamphasa zambiri.

Gawo lina limene anthu akunja saliganizira ndi kulemba. Mphunzitsi wathu wina amabweza lipoti lililonse limene lili ndi chiganizo chonga "banjali ndi losauka kwambiri" popanda kunena zimene wolembayo anaona. Amafuna kuti ulembe kuti denga la nyumba ndi la udzu ndipo likudontha, kuti banjalo limadya kamodzi patsiku, kuti ana atatu amafunda chitenje chimodzi, ndi kuti zina unaziona wekha pamene zina unachita kuuzidwa, ndipo unauzidwa ndi yani. Chifukwa chake n'chakuti woweruza amene adzawerenge sanafike pakhomopo, ndipo akhoza kusintha moyo wa mwana potengera chiganizo chako chimodzi. Pamodzi ndi zimenezi pali lamulo la chinsinsi, limene ndi lovuta kulisunga kuposa mmene limamvekera m'kalasi, popeza m'boma laling'ono mayi amene wakuuza za nkhanza za amuna ake m'mawa ukumana naye ku msika madzulo ali ndi apongozi ake.

Nkhani zambiri zimene zimafika ku ofesi gwero lake ndi umphawi, n'chifukwa chake timaphunziranso ndondomeko zothandiza ovutikitsitsa. Mtukula Pakhomo, imene inayamba ngati yoyeserera ku Mchinji mu 2006 ndipo kenako inafalikira m'maboma onse, imapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, pafupifupi mabanja 10 pa 100 aliwonse. Banja la agogo aja linali lotero ndithu, koma kulowa m'kaundula kuli ndi nthawi yake ndi njira zake, ndipo njala siidikira kaundula. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chakummwera mu Malichi 2023, anthu a ntchito yathu ndi amene ankafunika m'misasa kuti alumikizanitse ana osochera ndi abale awo ndi kuteteza atsikana kwa ofuna kuwadyera masuku pamutu posinthanitsa ndi chakudya, ndipo mabanja ambiri amene anataya minda nthawi imeneyo akuonekerabe m'mafayilo a maofesi mpaka lero.

Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza wachokera pa funso limene linanditsalira pa nkhani ya mtsikana uja. Dziko lonse limayamikira ukwati wa mwana ukathetsedwa, ndipo ntchito imene Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inagwira pa nkhani imeneyi inamveka mpaka kunja. Chimene ndikufufuza ndi zimene zimachitika miyezi yotsatira. Sukulu yapulayimale ndi yaulere kuyambira mu 1994, ndipo boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera m'kalasi, koma pamafunika yunifolomu, makope, sopo, womulerera khanda, ndi mtima wopirira mawu a anzake. Ndikucheza ndi atsikana amene anabwerera kusukulu ndi amene anabwereranso kwa amuna, komanso ndi amalume ndi agogo awo, ndipo mafunso anga ndawalemba m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti pasafunike womasulira pakati pathu.