Ku Angonia ndi achinyamata anzanga: kulalikira khomo ndi khomo pa Ulongwe

Achinyamata a mpingo wathu wa CCAP ku Lilongwe tinasonkha ndalama pang'onopang'ono, ena pogulitsa mandasi pakhomo la tchalitchi, ena potsuka magalimoto a akulu a mpingo Loweruka, mpaka zinakwana kuchita hayala minibasi yopita ku Angonia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Tinanyamuka mu July, chisanu chili pachimake. Msewu wa M1 mpaka pa Dedza sunatichedwetse. Pachipata mpamene tinakhalitsa, kudinditsa mapasipoti ndi kusintha makwacha. Titangodutsa pa Calomue zikwangwani zonse zinasanduka za Chipwitikizi, koma mayi amene anatigulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu anatilonjera m'Chichewa chathu chomwechi.

Anatilandira ndi a mpingo wa Igreja Reformada pa Ulongwe, ndipo ubale wathu ndi iwo ndi wakalekale. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, amene anayamba ntchito pa Mvera mu 1889 ndi pa Nkhoma mu 1896, anawolokanso malire nakatsegula mishoni ya Mphatso mu 1909. Boma la Apwitikizi linaitseka mu 1922. Kwa zaka zambiri akhristu a kumeneko ankayenda pansi kudzabatizidwa ndi kudzadya mgonero m'mipingo ya ku Malawi. Lero ali ndi sinodi yawoyawo yotchedwa Mphatso, ndipo abusa awo amaphunzira pa sukulu ya ubusa ya Hefsiba, pa Ulongwe pomwepo. Mkulu wa mpingo amene anatifotokozera zimenezi usiku woyamba, tikuwotha moto, ananena kuti agogo ake anali mmodzi wa oyenda pansiwo.

M'mawa abusa anatigawa m'magulu ang'onoang'ono, ndipo gulu lililonse analipatsa achinyamata a pomwepo ndi mkulu mmodzi woti atsogole. Ine ndikuona kuti apa mpamene panagona mphamvu ya ulendo wonse. Mlendo angadziwe bwanji kuti pakhomo apa panagwa maliro mwezi watha, kapena kuti bambo a nyumba iyo anasiya kupemphera atayambana ndi mnzawo nkhani ya munda? Eni mudzi ndiwo ankati “odi”, ife n'kumatsatira m'mbuyo.

Inali nyengo yotonola chimanga, ndiye pakhomo paliponse tinkapeza mphasa yoyala ndi mulu wa zitsononkho. Palibe amene akanasiya ntchito kuti amvere ife. Tinkakhala pansi, kutenga chimanga n'kuyamba kutonola nawo, nkhani n'kumabwera yokha. Zala zathu za m'tauni zinatuluka matuza tsiku lomwelo.

Pakhomo lina tinapeza agogo aakazi akulera zidzukulu. Atamva kuti tachokera ku Malawi anaika lichero pansi. “Ana anga, inetu nsima ya kwanu ndinaidya,” anatero. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo anathawira ku Dedza, mwana kumbuyo, katundu pamutu, monga anachitira anthu pafupifupi 1 miliyoni amene anabisala m'Malawi mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Anatiuza za banja lina limene linawabwereka kamunda osawalipiritsa kanthu. Kutchalitchi anali atasiya kupita chifukwa cha miyendo. Tinawawerengera Salimo 121, ndipo titayamba nyimbo anatipitirira, mavesi onse ali pamtima. Mkulu wotitsogolera uja analemba dzina lawo m'kope nalonjeza kuti mapemphero a mlaga azichitikira pakhomo pawo kuti asamavutike kuyenda. Mtima wanga unadzaza.

Madzulo tinkasewera mpira ndi anyamata a m'deralo, kenako chitsitsimutso pabwalo la tchalitchi, makwaya kusinthanasinthana. Anthu ankabwera ambiri, atafunda mabulangete. Zinali zokoma, koma sindinganame: mawu amene anafika pamtima penipeni analankhulidwa pamphasa paja, osati pa zokuzira mawu.

Tinali titanyamulanso matumba a zovala zimene akhristu kwathu anapereka. Ena mwa ife ankafuna tizigawe tokha pamsonkhano. Abusa anakana mwaulemu, nati zisiyidwe m'manja mwa amayi a mpingo, chifukwa ndiwo akudziwa wamasiye ndi wodwala, komanso anthu asamabwere ku mapemphero chifukwa cha malaya. Ndinagwirizana nawo kwathunthu, ndipo gulu lililonse lokonza ulendo wotere ndingalipemphe kuchita chimodzimodzi.

Lamulungu titaweruka, maina onse a amene anapempha kulowa kalasi ndi amene akufuna kuyenderedwa tinawasiya kwa akulu a mpingo. Achinyamata a pa Ulongwe tinatsegula nawo gulu la WhatsApp, ndipo amatiuza makomo amene abwererako. Chaka chamawa ndi iwo amene akubwera kudzayenda nafe m'makwalala a ku Kawale ndi ku Mchesi, ndipo tayamba kale kufunsa mabanja a mumpingo amene angawasunge.