Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Tsiku limene ndinakhala chete

Zikomo nonse amene mwakhala mukundiumiriza kuti ndipitirize. Koma inu achimwene amene munalemba kuti ndimamutamanda mtsikana wa vuto losamva uja chifukwa chomumvera chisoni, khalani pansi, lero ndikuyankhani.

Mukukumbukira situdiyo ya makatuni ija yomwe ndinkagwirako ntchito: tonse anyamata, maphunziro ofanana, ngakhale nthabwala zathu zinali zimodzimodzi. Zaka zitatu zinangodutsa. Kampani ya Adobe itasiya kugulitsa mapulogalamu ake kamodzi n'kamodzi mu 2013 n'kuyamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi, tinathawira ku Blender, pulogalamu yopangira makatuni yomwe ndi yaulere kuyambira 2002. Mtsikana uja anabwera kudzagwira nafe ntchito akuidziwa kuposa tonsefe. Anaiphunzira yekha pa YouTube, akungotsatira ndi maso komwe mphunzitsi akudina.

Ndiye kunabwera tsiku lija. Kasitomala anabweza kanema wotsatsa malonda, akuti anthu akungomudutsa. Tinakangana za nyimbo ola lathunthu. Mtsikana uja analemba pakapepala n'kukankhira pakati pa tebulo: "Zimitsani mawu, muonerenso."

Abwana aja anawerenga. Kenako anatembenukira kukhoma, dala, kuti asawawerenge milomo, n'kunena kuti, "Gonthi atiphunzitse ife za kanema?" Anyamata anaseka. Iye sanamve kanthu, koma mapewa akugwedezeka anawaona. Anayang'ana ine, popeza ndine ndinkakhala naye pafupi, maso ake akufunsa kuti kwanenedwa chiyani. Ine ndinazyolika n'kumayang'ana kiyibodi ngati ndaiona koyamba. Anatenga kapepala kake, kukapinda kanayi, kukaika m'thumba. Mpaka lero ndimaona zala zija zikupinda.

Mudzati ndinali wamantha. Inde. Mwana anali atangobadwa, kontrakiti yanga ikutha mwezi womwewo. Sindikudziikira kumbuyo, ndikungonena momwe zinalili.

Usiku ndinatsala ndekha n'kuzimitsa mawu. Kalanga ine! Zithunzi 24 pa sekondi, koma chimene chinkayenda ndi pakamwa pokha. Nsidze zili duu, mapewa ali gwa, nkhani yonse tinaisenzetsa mawu. Pomwe pa Facebook makanema ambiri ankayamba opanda mawu, munthu n'kupitirira asanadine n'komwe. Anthu asanu ndi mmodzi akumva bwinobwino, zimenezi sitinazione. Iye chinenero chake ndi cha manja ndi nkhope, ndiye nkhope yakufa ankaizindikira nthawi yomweyo.

Tinamukonzanso kanemayo, kasitomala anasangalala, abwana anauza aliyense kuti nzeruyo inali yawo. Iye anasiya ntchito chaka chisanathe.

Mu 2025, filimu ya ku Latvia yotchedwa Flow, yopangidwa ndi Blender, yopanda munthu woyankhula ngakhale mmodzi, itapata mphoto ya Oscar, mtsikana uja ndinamutumizira uthenga wautali. Ndinalemba zonse, kupatula zimene abwana ananena atayang'ana kukhoma. Anandiyankha patatha masiku awiri, ndi kachithunzi ka chala chachikulu basi.