Mawu amene ndinawaphunzira pa pepala la inshuwalansi

Nditangofika mumzinda wachilendo kudzayamba maphunziro, ndinkaganiza kuti za kuchipatala ndinathana nazo kale, chifukwa popempha viza ndinagula inshuwalansi ya paulendo. Tsiku lina madzulo ndinakhala pansi, pensulo m'manja, n'kuwerenga pepala lake mpaka kumapeto. Mtima unagunda. Inshuwalansi ya paulendo ndi ya ngozi ndi matenda adzidzidzi, komanso yokubwezera kwanu zikavuta. Ya viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, mwachitsanzo, imayenera kukwana ma euro 30,000 kapena kuposa. Koma inshuwalansi yotereyi si ya munthu amene wabwera kudzakhala, amene chifuwa chikamuvuta adzafuna dokotala, kapena amene amamwa mankhwala mwezi ndi mwezi.

Ndiye ndinayamba kuphunzira ngati mwana wa sukulu, liwu limodzi pa tsiku.

Premium sinandivute: ndi ndalama imene umapereka mwezi uliwonse, udwale usadwale. Limene linandizunguza mutu ndi deductible. Ndinaliwerenga kangapo osalimva, mpaka ndinajambula mzere papepala. Kumunsi kwa mzere ndinalemba kuti "zanga", kumtunda "zawo". Chaka chikayamba, mabilu oyamba umalipira wekha mpaka afike pamzerewo, kenako kampani imalowapo. Chaka chikatha, kuwerengako kumayambiranso. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake inshuwalansi zina zimaoneka zotchipa: premium ikatsika, mzere uja umakwera. Kwa munthu wosadwaladwala zikhoza kukhala bwino, koma ine ndinadzifunsa moona mtima ngati ndingakwanitse kutulutsa ndalama yonseyo sabata imodzi nditagonekedwa. Yankho linali ayi, choncho ndinasankha kumalipira zochulukirapo pamwezi.

Ngakhale utadutsa mzere, pamakhalabe co-payment, kagawo kako pa ulendo uliwonse wa kwa dokotala kapena pa mankhwala. Makampani ena alinso ndi zipatala zawo zimene anagwirizana nazo, ndipo ukapita kwina bilu imakutsata.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi masamba akumapeto, a zilembo zing'onozing'ono, amene ambirife timawadumpha. Mmenemo ndi mmene amalemba zimene salipira. Mano ndi magalasi a maso kawirikawiri zimakhala pazokha. Uchembere nthawi zina umafuna kuti udikire miyezi ingapo chilowereni. Matenda amene unabwera nawo, monga shuga kapena mphumu, makampani ena oima paokha amawakana kapena amakweza mtengo. Ndikumvetsa chifukwa chake munthu angafune kubisa matenda podzaza fomu, koma chonde musatero. Akadzazindikira akhoza kukana kulipira pa nthawi imene mwagona pabedi.

Nkhani ya masiku nayonso siyochita nayo chibwana, ndipo dziko lililonse lili ndi lamulo lake. Ku Switzerland wobwera kumene amapatsidwa miyezi itatu kuti alembetse, ku Netherlands inayi, ndipo konseko malipiro amawerengedwa kuyambira tsiku limene udayenera kuyamba, osati limene wasaina. Ku Germany, kumene inshuwalansi ya zaumoyo ya ogwira ntchito inayamba mu 1883, yunivesite sikulembetsa usanaonetse umboni woti uli nayo. Ku United Kingdom ambiri amalipira ndalama ya zaumoyo limodzi ndi viza, n'kumathandizidwa ndi NHS, bungwe la boma la zaumoyo kumeneko, koma umayenerabe kukalembetsa kwa dokotala wa m'dera lako, amene amamutcha GP.

Funso limene ndinachedwa kufunsa ndi lakuti: kodi chipatala chimatumiza bilu ku kampani, kapena ndimalipira kaye n'kudzabwezeredwa? Yanga ndi yobwezera. Choncho risiti iliyonse ndimaijambula ndi foni ndisanatuluke pakhomo la chipatala. M'chikwama ndimayenda ndi kakhadi kamene ndinalembapo nambala ya inshuwalansi, mankhwala amene thupi langa limadana nawo, ndi nambala ya ambulansi, imene m'mayiko a European Union ndi 112.