Ngongole ya wa m'bodi inatuluka, ya mayi uja ikudikirabe

Ndagwira ntchito m'gawo la ngongole pa SACCO yathu (bungwe limene mamembala amasungako ndi kubwerekako ndalama) kwa zaka 6, ndipo sabata yathayi ndi yoyamba imene ndaweruka ndili ndi manyazi ndi ntchito yanga. Lolemba ndi Lachiwiri anali masiku wamba: mabwana ena anachedwanso kutumiza ndalama zimene amadula kumalipiro a mamembala, netiweki inavuta kawiri, ndipo pakauntala panali munthu mmodzi yekha chifukwa malo a mnzake amene anasiya ntchito miyezi inayi yapitayo sanalembepo wina.

Lachitatu m'mawa kunabwera mayi wina wachikulire amene sanaphonyepo mwezi osaika masheya. Komiti ya ngongole inavomereza pempho lake masabata atatu apitawo, omuimirira onse anasaina, koma ndalama sizinatuluke chifukwa tinauzidwa kuti m'thumba mwachepa. Anakhala pabenchi atafumbata kabuku kake ka masheya kong'ambika chikuto, ndipo nthawi yake itakwana anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, kodi pafomu paja ndinalakwitsa pati?" Ndinayankha kuti, "Amayi, palibe chimene munalakwitsa, ingopirirani pang'ono."

Masana a tsiku lomwelo a manijala anandiitana n'kundipatsa fayilo ya mmodzi wa anthu a m'bodi. Ndalama zimene ankapempha zinaposa malire amene malamulo athu amalola poyerekeza ndi masheya ake, anali ndi ngongole ina imene inadutsa masiku 90 osabwezako kalikonse, ndipo fayiloyo inali isanafike n'komwe ku komiti. Iwo anati, "Ingosainani, mapepala tidzalongosola pambuyo. Mukudziwa kuti kontirakiti yanga ili m'manja mwa anthu amenewa." Ndinakana mwaulemu. Lachinayi ndalamazo zinatulukabe, atasaina mnzanga wina wongoyamba kumene ntchito, amene sindingamuimbe mlandu chifukwa mantha ake ndikuwamvetsa.

Chimene chikundiwawa n'chakuti SACCO si banki ya anthu ochepa olemera. Eni ake ndi mamembala, aliyense ali ndi voti imodzi kaya masheya ake ndi ambiri kaya ochepa, ndipo a m'bodi amasankhidwa pamsonkhano waukulu wapachaka kuti atumikire anzawo. Pamene Friedrich Raiffeisen ankayambitsa mabungwe otere ku Germany m'zaka za m'ma 1860, cholinga chake chinali kupulumutsa alimi osauka m'manja mwa akatapila. Bungwe la WOCCU, lomwe limabweretsa pamodzi ma SACCO a padziko lonse, limalangiza kuti ngongole zochedwa kubwezedwa zisapitirire 5 peresenti ya ngongole zonse, ndipo Lolemba lililonse ife a m'gawo la ngongole timadzudzulidwa chifukwa cha nambala imeneyi, timatumidwa kukalondola mamembala mpaka kunyumba zawo, pomwe mafayilo a akuluakulu palibe wololedwa kuwakhudza. Kodi ndikamuuze bwanji membala wamba kuti abweze ngongole pa nthawi yake?

Lachisanu ndinalemba lipoti ku komiti yoona ngati malamulo akutsatidwa, ndipo ndinaikamo madeti ndi manambala a mafayilo onse awiri. Anzanga ena ayamba kundipewa, ena amandiyamikira mobisa tikakumana panja. Ndisanatseke kompyuta ndinaimbira foni mayi uja kumuuza kuti adikirenso sabata ina, ndipo anandithokoza chifukwa chomudziwitsa.