Zimene Chevrolet 454 ikundiphunzitsa ku Biwi

Mwezi uno ku galaja komwe ndikuphunzira umakanika tikumanganso injini ya Chevrolet 454, V8 (ya masilinda 8) ya malita 7.4 yomwe inayamba kutuluka mu 1970. Kwa ife ozolowera ma Hiace ndi ma Sienta, ichi n'chilombo ndithu: masilinda ake awiri okha akuposa injini yonse ya Sienta.

Mwini wake akufuna aziyendera m'tauni muno, ndipo phunziro lonse lagona pamenepo. Anyamata ambiri akamva zowonjezera mphamvu amathamangira camshaft yaikulu, chitsulo chozungulira chomwe chimatsegula mavalavu olowetsa ndi kutulutsa mpweya m'masilinda. Madala amene amatiphunzitsa anakana kwamtuwagalu. Camshaft yotsegula mavalavu nthawi yaitali imayamba kukoma injini ikathamanga kwambiri, cha m'ma 5,000 rpm (kuzungulira ka 5,000 pa mphindi imodzi). Ikangolira chiimire imanjenjemera, vacuum (mphamvu yoyamwa mpweya ya injini) imatsika, kenaka buleki imauma chifukwa booster, chipangizo chofewetsa buleki, imadalira vacuum yomweyo. Nanga ndani angafike 5,000 rpm pa mlatho wa ku Old Town, akabaza akukudutsa uku ndi uku? Chofunika pamsewu ndi mphamvu yokoka galimoto ikamanyamuka, ndiye tasankha camshaft yofatsa.

Nkhani ya ma head, zivundikiro za masilinda zokhala ndi mabowo olowera mpweya, ndiye inandikomera kuposa zonse. Injinizi zili ndi mitundu iwiri, a mabowo a oval ndi a rectangular omwe ndi aakulupo. Madala anandigwiritsa payipi ya madzi n'kunena kuti, "Iwe, tsina kukamwako uone." Madzi anathamanga. Ndi mmenenso mpweya umachitira m'bowo locheperapo: umalowa ndi liwiro, silinda n'kudzaza bwino ngakhale injini ikuyenda pang'onopang'ono. Tatsala ndi a oval.

Za compression, kuchuluka kwa mmene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda, tinachita kuwerengera papepala. LS6 ya 1970, mtundu wamphamvu wa 454, inali ndi 11.25:1 ndipo inkapereka mahatchi 450, koma inkamwa petulo wa mtovu. Pofika 1971 General Motors inatsitsa compression pokonzekera petulo wopanda mtovu. Ife tikulinga cha pa 9:1, kuopa kuti injini ingamagogode ikatentha mu Okutobala. Komanso Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, mpweya ndi wopepukirapo, choncho kabuleta ifunika majeti (timabowo todutsa petulo) ocheperako kusiyana ndi a m'mabuku olembera malo a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Apo ayi izingofuka utsi wakuda, pomwe petulo wake masiku ano n'ngodula koopsa.

Ntchito yanga sabata ino ndi yotopetsa: kutsuka timabowo ta oilo ndi burashi, kuyeza mpata wa ma bearing ndi Plastigage (kaulusi ka pulasitiki koyezera mpata), kumanga mabawuti ndi torque wrench motsata ndondomeko yake. Tsiku loliza koyamba, popeza camshaft yathu ndi ya flat tappet (yokhulana ndi zitsulo zafulati, osati zogudubuzika), injini iyenera kulira mphindi 20 pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm, ili ndi oilo wokhala ndi zinc wambiri. Oiloyo sitinamupeze m'mashopu a kuno, mwini galimoto waitanitsa ku Johannesburg.