Tinalowa Muli Mileme, Tatuluka Muli Bwalo la Milandu

Lachisanu lapitali tapereka makiyi a holo yakale ya zisudzo yomwe kampani yathu yakhala ikukonza. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pa benchi yomwe tinakhoma ndi manja athu, ndikuona kalaliki akuyala mafayilo pomwe kale pankaima azisudzo. Misozi inalengeza. Agogo anga ankanena kuti m'holo imeneyi, nthawi ya atsamunda, iwo ankalowera khomo la kuseri kudzasesa ndi kutola mabotolo azungu akatha kuonera sewero. Lero mdzukulu wawo ndi amene waikonza kuti ikhale holo ya khonsolo komanso khothi la majisitireti, ndipo khomo lalikulu ndi la aliyense.

Ife tinayamba ndi mabenchi a tchalitchi ndi mafelemu a zitseko, pansi pa mtengo wa mango, tili atatu. Titalembetsa ku NCIC, bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga, tinayamba kupeza timakontilakiti ta midadada ya sukulu. Koma mtima wanga unali pa nyumba zakale. Ndikapita ku Blantyre ndinkaima pa Mandala House, yomangidwa mu 1882, kapena pa tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinatha mu 1891, n'kumadzifunsa kuti njerwa zimenezi zapirira bwanji pomwe nyumba za dzana zang'aluka kale.

Tsiku loyamba kutsegula holoyi fungo la mileme linatibweza pakhomo. Ndowe zake zinkafika m'kakolo. Malata anali atadyeka ndi dzimbiri, mipando yachitsulo itagona chagada, chiswe chitamaliza siteji yonse moti phazi linkangolowa. Ambiri anati gwetsani mumange ina. Ine ndinakwera makwerero, n'kupala mtanda umodzi wa denga ndi mpeni. Fungo lomwe linatuluka ndinalidziwa pompo: mkungudza wa ku Mulanje, chiswe sichinaulawe n'komwe. Mtengo umenewu lero suloledwanso kudulidwa, ndipo m'phirimo watsala pang'ono kutheratu. Kugwetsa denga lotere kukanakhala kutaya chuma chomwe ndalama sizingagulenso.

Nyumba ya zisudzo siimangidwa ngati khothi. Pansi pake pamatsetsereka kulowera ku siteji kuti wakumbuyo aziona, ndiye tinathira dothi, kutsendera, mpaka pakhale thyathyathya. Siteji tinaitsitsa n'kuikapo mpando wa woweruza, mbali iyi kabokosi ka mboni, mbali inayo ka woimbidwa mlandu, kokhala ndi khomo lake lochokera kuchitokosi kuti asamadutse pakati pa anthu. Kachipinda kogulitsira matikiti ndiye ofesi ya kalaliki. Holo ya zisudzo imafuna mdima, khothi limafuna kuwala ndi mphepo, choncho tinaboola mawindo mosamala, njerwa imodziimodzi. Pakhomo tinaika potsetsereka poyenda njinga za anzathu aulumali. Makoma sitinawapake simenti. Njerwa zakale zimenezi anazimanga ndi dothi ndi laimu, zimapuma. Mukazitsekera ndi pulasitala wa simenti chinyezi chimatsekeredwa m'kati, njerwa n'kuyamba kufumbutuka. Tinabwerera ku laimu, ngakhale amachedwa kuuma ndipo amatentha m'manja.

Kenaka kunabwera November 2023. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ife titasaina kale mtengo wa ntchito. Malata omwe tinawerengera sanagulikenso pa mtengo umenewo, misomali ndi penti chimodzimodzi. Amene anatilonjeza ngongole anasintha mawu, akuti chikole chathu chachepa, chonsecho mapepala ake anali omwewo amene anawayamikira mwezi wathawo. Wina wogulitsa matabwa, yemwe tinamulipiriratu, anatibweretsera mlombwa wauwisi atausanjika pansi pa wouma. Patatha milungu itatu zitseko zinapindika ngati uta. Akudzidziwa, ndipo ndalama yathu sanabweze mpaka lero. Ndinagulitsa galimoto yanga yonyamulira katundu, tinayamba kubweretsa mchenga pa ngolo. Miyezi iwiri anyamata analandira theka la malipiro. Usiku wina ndinakhala ndekha pa siteji yosathayo, tochi m'manja, ndikuwerengera ngongole pa chikwama cha simenti, ndipo ndinatsala pang'ono kukabweza makiyi.

M'mawa mwake ndinapeza anyamata afika kale, akusefa laimu. Palibe anandifunsa za ndalama.

Ndiye ndithokoze. Mulungu poyamba. Mayi a kunyumba, amene munatsegula bokosi lanu la banki m'khonde osandiwerengera, zikomo. Bambo athu aakulu a pulasitala, amene munaphunzira laimu kwa amisiri a mishoni ndipo munatiphunzitsa osabisa kanthu, ntchito iyi ndi yanu. Anyamata anga a matabwa, owotcherera, a magetsi, ndi amayi amene munkatunga madzi dzuwa lili pamutu, sindidzaiwala. Mafumu ndi anthu ozungulira, munatilondera katundu usiku popanda kulipidwa. Akatswiri oona za nyumba zakale amene munabwera kudzatilangiza zoyenera kusiya momwe zilili, komanso akhonsolo amene munakhulupirira kampani yaing'ono pomwe zazikulu zinalipo, tikuthokoza. Ngakhale mayi amene ankatikongoza mandasi ndi thobwa, ngongole ija tabweza yonse, koma ulemu wake watsala.

Tsopano manja ali omasuka. Ngati mpingo wanu uli ndi tchalitchi chakale chodontha, sukulu ya mishoni yong'aluka makoma, nyumba ya pa esiteti kapena sitolo yakale ya makolo, musathamangire kugwetsa. Tiitaneni tidzakwere padenga, tidzagogode makoma, tikuuzeni zoona zake ndi mtengo wake wolembedwa papepala. Timakhomanso mabenchi, maguwa, zitseko ndi mawindo a matabwa ouma bwino, ndipo mukhoza kubwera kudzawagwira nokha musanalipire. Tilembereni pa tsamba lathu la Facebook. Kudzaona nyumba koyamba sitilipiritsa, mungotithandiza thiransipoti ngati kuli kutali.